Banga la pa Sofa ndi Funso la Chimene Chili Choyera

Banga la chakudya kapena chakumwa pa sofa limayamba pamene madzi, mafuta kapena utoto wa m'chakudyacho walowa pakati pa ulusi wa nsalu n'kuuma momwemo. Chovala chikathimbirira amachivula n'kuchiviika m'beseni, koma nsalu ya sofa ndi yokhomerera ku matabwa, ndipo pansi pake pali siponji yomwe imamwa chilichonse chodutsa pamwamba. Wochotsa banga amagwira mbali imodzi yokha ya nsaluyo, ndi madzi ochepa, osaona zimene zalowa m'kati. Ntchito imeneyi imadzutsa funso lomwe zipembedzo ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale: kodi chinthu chimakhala choyera pa nthawi iti? Mayankho ake alipo atatu. Ena amati chayera diso likasiya kuona chilema, ena amati chayera chimene chinalowa chikatuluka, ndipo ena amati chayera lamulo kapena mwambo ukatero. Mayankhowa amasiyana, ndipo kusiyana kwawo kumaonekera bwino munthu akayamba wadziwa mmene mawanga enieni amakhalira.

Mitundu ya mawanga

Mawanga a zakudya amagawidwa potengera chimene chili m'kati mwake, chifukwa chimene chimasungunula mtundu umodzi chimatha kulimbitsa mtundu wina.

Gulu loyamba ndi la tiyi, khofi, vinyo ndi madzi a zipatso. Zakumwazi zili ndi tannin ndi utoto wa zomera umene umakanirira pa ulusi wa thonje. Zimachoka ndi madzi ozizira kapena ofunda osakaniza ndi sopo wamadzi wotsukira mbale komanso viniga woyera pang'ono. Sopo wamtanda amatha kulilimbitsa banga la mtundu umenewu.

Gulu lachiwiri ndi la mapuloteni: mkaka, dzira, magazi a nyama yaiwisi ndi masanzi a mwana. Pano madzi otentha ndi mdani, chifukwa kutentha kumaumitsa mapuloteni n'kuwamatiza pa ulusi. Pamafunika madzi ozizira ndi sopo waufa wokhala ndi ma enzyme, amene amaduladula mapuloteniwo kuti akokoloke.

Gulu lachitatu ndi la mafuta: msuzi wa nyama, chambo chokazinga, mandasi, ndiwo zotendera. Madzi okha sagwira mafuta. Amayamba awaza soda kapena ufa wosalala pa bangalo kuti umwe mafutawo, n'kuusasa pakapita kanthawi, kenako n'kupaka sopo wotsukira mbale. Sopo amatha ntchitoyi chifukwa kachidutswa kake kalikonse kali ndi mbali ziwiri, ina yogwira mafuta ndi ina yogwira madzi, motero amawanyamula mafutawo n'kuwalowetsa m'madzi.

Gulu lachinayi ndi la shuga ndi ufa: thobwa, phala, Sobo, Fanta ndi mowa wamasese. Zina mwa izi zikauma sizioneka konse, koma shuga wotsalira mu ulusi amasanduka wofiirira pakapita miyezi, makamaka pamalo pofunda, ndipo amaitana nyerere ndi mphemvu.

Pa magulu onsewa pali malamulo ofanana. Banga latsopano limachoka msanga kuposa lakale. Amalitsindika ndi kansalu koyera kuti kamwe chimene chatayika, salipukuta mwamphamvu, chifukwa kupukuta kumalikankhira m'kati n'kukumbula ulusi. Amayambira m'mphepete kupita pakati kuti lisafalikire. Mankhwala alionse amayamba awayesa pamalo pobisika, monga kuseri kwa mpando. Madzi akachuluka amalowa m'siponji, yomwe imachedwa kuuma n'kuchita chuku, ndipo pamwamba pamatsala mzere wozungulira wa litsiro. Masofa ena ochokera kunja, makamaka ku America, amakhala ndi chilembo cholangiza: W kutanthauza kuti madzi aloledwa, S kuti pafunika mankhwala osungunulira opanda madzi, WS kuti zonse ziwiri zitheka, ndi X kuti angosasa fumbi basi. Masofa a akalipentala a m'misika nthawi zambiri alibe chilembo chotere, n'chifukwa chake kuyesa pobisika n'kofunika kwambiri. Jiki sasakanizidwa ndi viniga, popeza ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo.

Kuchotsa, kufufutitsa ndi kubisa

Pali zochita zitatu zimene zonse zimathera pa mpando wooneka bwino, koma n'zosiyana kwenikweni. Kuchotsa ndiko kutulutsa chimene chinalowa. Kufufutitsa ndiko ntchito ya jiki ndi mankhwala ena oyeretsera: amasintha kapangidwe ka utoto kuti diso lisauonenso, ngakhale zotsalira zake zikhoza kukhala zili momwemo, ndipo kawirikawiri amachotsa ndi mtundu wa nsalu womwe. Kubisa ndiko kutembenuza khushoni kapena kuyala chitenje ndi nsalu zoluka pamwamba.

Apa m'pamene yankho loyamba limaonekera kuperewera kwake. Mkaka umene wadutsa nsalu n'kulowa m'siponji suoneka, koma pakapita masiku umasasa n'kununkha. Shuga wa m'chakumwa amakhala chete kenako n'kudzatulukira. Mbali inayi, banga la tiyi lomwe latsukidwa kangapo likhoza kusiya kamthunzi kofiirira kopanda chilichonse chovunda kapena chodwalitsa. Choncho pali chooneka choyera chimene chili chakuda, ndipo pali chooneka chakuda chimene chili choyera. Makolo anaziona kale izi pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Zachipatala zinatsimikiza mfundo yomweyi mu 1847, pamene Ignaz Semmelweis ku chipatala cha ku Vienna analamula madokotala kusamba m'manja ndi madzi a chlorine asanagwire amayi oyembekezera, ndipo imfa za amayiwo zinatsika kwambiri. Manja a madokotalawo ankaoneka oyera ndi kale, koma ankanyamula matenda kuchokera ku mitembo imene ankaipima.

Litsiro ndi malo ake

Yankho lachiwiri, loti chinthu chayera chimene chinalowa chikatuluka, lili ndi mphamvu, koma nalonso limasiya funso. Msuzi wa nkhuku uli m'mbale ndi chakudya chabwino, ndipo mwana akaunyambita pa chala palibe amene amadandaula. Ukadontha pa sofa umatchedwa litsiro, chikhalirecho msuziwo sunasinthe kanthu. Chasintha ndi malo.

Mary Douglas, katswiri wa ku Britain wa chikhalidwe cha anthu yemwe anachita kafukufuku pakati pa Alele a ku Kasai m'dziko la Congo, anaifotokoza nkhaniyi m'buku lake la mu 1966 lotchedwa Purity and Danger. Iye anaonetsa kuti palibe chinthu chimene chili litsiro pachokha. Anthu amayamba aika dongosolo la pamene chilichonse chiyenera kukhala, ndipo chimene chalumpha malire a dongosololo ndicho chimatchedwa chodetsa. Motero kuyeretsa n'kubwezeretsa dongosolo, ndipo malamulo a ukhondo a mtundu uliwonse amaulula mmene mtunduwo umalionera dziko.

Mfundo imeneyi imathandiza kumvetsa chifukwa chake banga la pa sofa limapweteka mtima kuposa banga la pa mphasa ya kukhitchini. Pabalaza m'pamene banja limalandirira alendo, ankhoswe, abusa ndi akuchikazi kapena akuchimuna. Masofa amagulidwa ndi ndalama zosunga miyezi yambiri, mwinanso za ngongole, ndipo amanena za khama ndi ulemu wa eni nyumba. Banga likagwera pamenepo limakhudza nkhope ya banja, osati nsalu yokha. Komabe maganizo a Douglas safotokoza zonse. Tizilombo toyambitsa kolera timadwalitsa munthu kaya mtundu wake umaziona bwanji zinthu. Litsiro lina ndi nkhani ya dongosolo, lina ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo munthu wanzeru amasiyanitsa ziwirizi.

Chilamulo cha Mose ndi chiphunzitso cha Yesu

Yankho lachitatu limapezeka m'malamulo a zipembedzo. Buku la Levitiko lili ndi malangizo atsatanetsatane okhudza ziwiya ndi pokhala. M'mutu 11, chiwiya chathabwa, chansalu kapena chachikopa chimene chagweredwa ndi mtembo wa kanyama kodetsedwa chinkaviikidwa m'madzi n'kukhalabe chodetsedwa mpaka madzulo, pamene mbiya yadothi inkaphwanyidwa. M'mutu 15, mpando ndi kama wa munthu wotuluka zoyipa m'thupi zinkadetsedwa, ndipo wokhalapo ankachapa zovala ndi kusamba. M'mutu 13, nsalu yokhala ndi nthenda yofalikira inkaonetsedwa kwa wansembe, yemwe ankaitsekera masiku 7. Ngati nthendayo yafalikira nsalu inkatenthedwa, ndipo ngati yazilala atachapa ankangong'ambapo pamalo pokhapo.

M'malamulowa muli zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, madzi okha sankamaliza ntchito: chiwiya chotsukidwa chinkadikira dzuwa kulowa, kusonyeza kuti kuyera kumeneku kunali koyenereza munthu kufika pamalo opatulika, osati ukhondo wamba. Chachiwiri, chilamulo chinkasiyanitsa mbiya yadothi ndi ziwiya zina. Mpaka lero Ayuda osunga malamulo a zakudya amayeretsa chiwiya chachitsulo ndi madzi owira kapena moto, koma chadothi amati sichitulutsa chimene chinamwa. Sofa ili ngati mbiya pa nkhaniyi: siponji yake imasunga zimene yalandira.

M'mutu 7 wa Uthenga Wabwino wa Marko, Afarisi anadzudzula ophunzira a Yesu chifukwa chodya osasamba m'manja monga mwa mwambo wa akulu. Wolembayo akutchula mwambo wotsuka zikho, miphika ndi ziwiya zamkuwa, ndipo mipukutu ina yakale ya Chigiriki imaonjezerapo makama amene anthu ankatsamirapo pakudya. Yesu anayankha kuti chakudya chimangodutsa m'mimba, ndipo chimene chimamuipitsa munthu chimachokera mumtima mwake, monga kuba, dumbo, chinyengo, kaduka ndi kudzikuza. Sanaletse kutsuka ziwiya. Anasamutsa funso kulichotsa pa chiwiya n'kuliika pa munthu, ndipo kuyambira pamenepo Akhristu ambiri saona chakudya chotayikira pa mpando ngati chinthu chowalekanitsa ndi Mulungu.

Najisi ndi kuyera m'Chisilamu

Chisilamu chimasiyanitsa momveka bwino chonyansa m'maso ndi najisi, chomwe ndi chodetsa cholepheretsa swala, pemphero la Asilamu. Banga la tiyi, la thobwa losasasa kapena la msuzi wa nyama yololedwa si najisi, ngakhale litakula bwanji. Koma mkodzo, magazi otuluka ambiri ndi vinyo, malinga ndi akatswiri ochuluka a malamulo, ndi najisi ngakhale zitauma osasiya chizindikiro. Nkhaniyi imakhudza sofa chifukwa munthu amene wakhala pa najisi yonyowa amadetsa zovala zimene akaswalire, pamene najisi youma siyisamukira pa chovala chouma.

Asilamu ambiri a m'Malawi, monga a m'mbali mwa nyanja ya mchere kum'mawa kwa Africa, amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chimagawa najisi patatu. Yopepuka ndi mkodzo wa mwana wamwamuna wosakwana zaka 2 yemwe sanayambe kudya china kupatula mkaka, ndipo imayera pongowaza madzi. Yapakati, monga magazi ndi vinyo, imatsukidwa mpaka kakomedwe, mtundu ndi fungo lake zitachoka. Yolemera, ya galu ndi nkhumba, imatsukidwa ka 7, kamodzi mwa iko ndi dothi. M'chiphunzitso chimenechi madzi enieni okha ndiwo amayeretsa, pamene otsata Imam Abu Hanifa amalola zamadzimadzi zina zoyera monga viniga. Motero sofa yopukutidwa ndi mankhwala opanda madzi ikhoza kuwala koma osayera mwa lamulo la Shafi'i.

Chofunika kwambiri pa funso lino ndi malire amene lamuloli limaika. Ngati munthu watsuka mokwanira koma mtundu wokha kapena fungo lokha lakanirira, chinthucho chimatengedwa kuti chayera. Lamulo limafuna khama loona, silifuna chosatheka. Palinso nkhani yodziwika ya m'hadisi ya munthu wa kuchipululu amene anakodza mumzikiti. Anthu atafuna kumukalipira, Mtumiki Muhammad anawaletsa, n'kulamula kuti pamalopo athirepo ndowa ya madzi. Malo anayeretsedwa ndipo munthuyo sananyozedwe.

Kutentha ndi kuzizira m'mwambo wa Achewa

M'chipembedzo cha makolo a Achewa, chodetsa choopsa kwambiri sichioneka ndi maso. Anthu amagawidwa kukhala otentha ndi ozizira. Otentha ndi amene akukhala malo amodzi monga banja, ndipo ozizira ndi makanda, ana, okalamba, odwala ndi anamwali amene ali pa mwambo. Wotentha akakhudza wozizira pa nthawi yoletsedwa amamudula, ndipo matenda ake amatchedwa mdulo kapena tsempho, amene amadziwika ndi kutupa, chifuwa ndi kuwonda. Mchere umatengedwa ngati njira imene vutoli limadzera, n'chifukwa chake mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Mwana wakhanda ankasungidwa motalikirana ndi otentha kufikira mwambo womutengera kumphasa utachitika. J. W. M. van Breugel anafotokoza miyambo imeneyi m'buku lake lotchedwa Chewa Traditional Religion, limene linatuluka mu 2001.

Mphasa ya mwambowu siyesedwa ndi maonekedwe ake. Ikhoza kukhala yakale ndi yothimbirira ndi phala, koma osakhala ndi vuto lililonse. Chimene chimafunsidwa n'chakuti anthu ogona ndi kukhala pamenepo asungirana pangano kapena ayi. Kuyera kwa m'nyumba, m'maganizo amenewa, ndi kukhulupirika kwa akuluakulu kumene kumateteza ofooka. Sopo sangachotse chimene chabwera ndi kusakhulupirika, ndipo msuzi wotayika sungabweretse mdulo.

Banga likaikidwa pa munthu

Zipembedzo zambiri zinatenga banga la pa nsalu kukhala chithunzi cha tchimo. Thomas Aquinas, yemwe anamwalira mu 1274, analemba m'buku lake la Summa Theologiae kuti tchimo limasiya banga pa mzimu, ndipo anati bangalo ndi kutayika kwa kuwala kumene mzimu unali nako. Anaonjezera kuti limatsala ngakhale munthu atasiya kuchimwako, kufikira atabwerera kwa Mulungu. M'malemba a Chibuda muli chiphunzitso chotchedwa Vatthupama Sutta, chimene chimati nsalu yakuda silandira bwino utoto, ndipo mtima wodzala dyera ndi udani sungalandire chabwino. Chithunzichi chimaphunzitsa zoona: cholakwa chikachedwa kukonzedwa chimazika mizu, ndipo kuchibisa sikuchichotsa.

Koma chithunzichi chili ndi ngozi yake. Anthu akayamba kumuona mnzawo ngati chinthu chothimbirira, amamuchitira zimene amachitira nsalu: kumutalikitsa, kumukhula kapena kumutaya. M'madera ena a m'Malawi mayi wamasiye ankatengedwa kuti ali ndi chodetsa cha imfa, ndipo ankakakamizidwa kugona ndi mwamuna wina pa mwambo wa kulowa kufa. Atsikana otuluka kuchinamwali ankauzidwa kugona ndi mwamuna pa mwambo wa kusasa fumbi. Miyambo imeneyi inafalitsa matenda ndi kuchotsera anthu ulemu, ndipo lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa miyambo yovulaza. Pa nsalu, chodetsa ndi chinthu chogwirika chimene chingalozedwe ndi chala. Pa munthu, kawirikawiri ndi chiweruzo cha anthu ena, ndipo chimagwera kwambiri amayi, osauka ndi odwala. Munthu amayankha pa zimene wachita, koma imfa ya mwamuna wake, matenda ake kapena kubadwa kwake si banga.

Malire a ukhondo

Mayankho atatu aja akaikidwa pamodzi, lililonse limapeza malo ake. Maonekedwe ali ndi phindu, chifukwa mpando wosamalidwa umalemekeza mlendo, koma sangakhale muyeso womaliza. Kutulutsa chimene chinalowa ndi udindo weniweni pamene chinthucho chikhoza kuvunda, kununkha kapena kudwalitsa, ndipo mkaka, masanzi, magazi ndi mkodzo ziyenera kutsatidwa mpaka m'siponji, ngakhale zitafunika kuvula khushoni, kuitsuka ndi kuiyanika padzuwa, kapena kupita nayo kwa okonza masofa kuti asinthe siponjiyo. Lamulo la chipembedzo limamanga amene amalitsata, ndipo mwininyumba wolandira mlendo wa chipembedzo china amachita bwino kudziwa chimene mlendoyo amachiyesa chodetsa.

Miyambo imene yafotokozedwayi imagwirizana pa mfundo imodzi: kuyeretsa kuli ndi polekezera. Levitiko amati chiwiya chotsukidwa chimayera madzulo akafika. Lamulo la Shafi'i limavomereza mtundu umene wakana kuchoka. Yesu anaika chodetsa chenicheni mumtima, ndipo Achewa amachiika pa kusungirana pangano. Palibe mwa izi chimene chimalamula kuti chinthu chibwerere mmene chinalili tsiku logulidwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo mpando umene anthu amadyerapo udzakhala ndi zizindikiro zake.

Chifukwa chake ukhondo umalakwika pamene mpando wayamba kulemera kuposa munthu. Zimenezi zimaoneka pamene masofa akhala zaka zambiri m'mapulasitiki awo ndipo ana a m'nyumba momwemo saloledwa kukhalapo, pamene mwana akwapulidwa koopsa chifukwa chotaya tiyi mwangozi, pamene wantchito wa pakhomo adulidwa malipiro chifukwa cha dontho la msuzi, kapena pamene mlendo wa zovala zakutha apatsidwa mpando wapanja kuti asadetse pabalaza. Mpando anaupangira kukhalapo anthu, ndipo kuusamala n'koyenera pokhapokha ngati kukutumikira cholinga chimenecho. Banga latsopano lichotsedwe mwamsanga ndi njira yoyenera mtundu wake, chovunda chitulutsidwe mpaka m'kati, kamthunzi kosavulaza kamene kakana kuchoka kalandiridwe, ndipo amene anataya chakudyacho asatengedwe ngati iye ndiye wodetsedwa.